CHITSULO CHOCHOKERA MU MCHENGA

(Mau amene mnzathu wina, injiniya wa zitsulo, adayankhula pa msonkhano wa pachaka wa ophunzira akale)

Mwandipempha kuti ndinenepo za ntchito yanga, tsono ndasankha chitsulo chimodzi chotchedwa Ti-6Al-4V.

Dzinali lisakuopseni ai. Likungonena kuti pa magawo 100 alionse a chitsulochi, 90 ndi titaniyamu, 6 ndi aluminiyamu, ndipo 4 ndi vanadiyamu. Titaniyamu adaitulukira ndi William Gregor, m'busa wa ku Cornwall ku Mangalande, m'chaka cha 1791, koma msanganizo uwu udapangidwa ku America m'zaka za m'ma 1950.

Ubwino wake uli patatu. Choyamba, nkolimba ngati chitsulo cha sitilo, chonsecho kulemera kwake kumangopitirira pang'ono theka la sitiloyo. Chachiwiri, sichichita dzimbiri ngakhale m'madzi amchere, kaamba koti chikakhudzana ndi mpweya chimadzipangira kakhungu kopyapyala kochiteteza. Chachitatu, thupi la munthu silichikana, ndipo fupa limamera mochikumbatira. Nchifukwa chake mumachipeza m'mainjini a ndege, komanso m'thupi mwa munthu amene madokotala amuika nyonga yochita kupanga kapena misomali yolumikiza mafupa. Pa kulemera konse kwa ndege ya Boeing 787, magawo pafupifupi 15 pa 100 ndi titaniyamu.

Nanga bwanji sitikupangira makasu ndi njinga zathu? Vuto lagona pa kayengedwe. Makolo athu ankayenga chitsulo m'ng'anjo ndi makala, koma titaniyamu ukaitero imagwirana ndi makalawo nkusanduka chinthu chosasulika. Njira imene ikugwira ntchito mpaka lero ndi ya William Kroll wa ku Luxembourg, ya m'chaka cha 1940. Mchenga wa rutile amauotcha pamodzi ndi makala ndi mpweya wa klorini, nkupeza madzi otchedwa titanium tetrachloride. Madziwo amawathira mu maginiziyamu wosungunuka pa moto woposa madigiri 800, m'chimphika chopanda mpweya uno tipumawu. Chotuluka m'menemo chimakhala ndi timabowo ngati siponji. Amachiphwanya, kusakaniza ndi zitsulo ziwiri zija, nkuchisungunula kawiri kapena katatu. Ngakhale pochisema pa makina sichigonja msanga: sichimwaza kutentha, kotero kuti moto wonse umatsalira kunsonga kwa chosemera, ndipo chimabuntha posachedwa.

Abale anga, nkhaniyi ikutikhudza. M'chaka cha 2022 kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals idalengeza kuti ku Kasiya, m'boma la Lilongwe, kuli rutile wochuluka kuposa pamalo ena alionse odziwika pa dziko lapansi. Tidakula tikumva kuti chuma chili m'nthaka, ndipo nzoona. Koma dziwani kuti mchenga wambiri wotere umathera ku utoto woyera wa penti. Ndalama zenizeni zimapita kwa amene amauyenga ndi kuusula, ndipo ntchito imeneyo imafuna magetsi osathimathima ndi anthu odziwa kemisitiri.

Mchengawo tili nawo kale. Funso nlakuti, pokambirana za mtengo wake, kodi mbali yathu ya tebulo padzakhala mwana wa kuno womvetsa zimene ndafotokozazi? Ngati muli naye mwana wokonda sayansi, musamubweze.