Mowa ndi chamba: aliyense ndi thandizo lake

Mawu amene anayankhulidwa pa msonkhano wa kalabu ya omvera wailesi ku Metangula

Ine ndimagwira ntchito ya zaumoyo m'midzi ya m'mbali mwa nyanja muno, ndipo mwandipempha kuti ndilankhulepo za abale athu amene akulephera kusiya mowa ndi chamba.

Vutoli si laling'ono. Bungwe la WHO linanena kuti m'chaka cha 2019 chokha, mowa unapha anthu okwana 2.6 miliyoni pa dziko lonse. Koma ife kuno mankhwala amene timadziwa ndi amodzi basi: kukalipa. "Siya mowa, ukutichititsa manyazi!" Takalipa zaka zingati? Asiya angati? Anthuwa si ofanana, ndiye thandizo lawonso lisafanane.

Tiyambe ndi mlovi wa usipa. Wachezera pa nyanja usiku wonse, m'mawa walandira ndalama pa gombe, wogulitsa kachasu ali pompo. Iye amati mowa umachotsa kuzizira, pamene zoona zake mowa umatayitsa thupi kutentha, ndipo mwera ukawomba woledzera ndiye amayamba kumira. Ameneyu mukamuitanira msonkhano wa 8 koloko m'mawa sabwera, ali mtulo. Mupezeni masiku a mwezi wowala, maboti akamapuma. Gwirizanani ndi mwini boti kuti ndalama zina azilandira kutha kwa sabata kapena zizipita ku xitique.

Mayi wophika kabanga ndi wina. Mowawo ndiwo umagula makope a ana, ndipo kumwa anayamba ndi kulawa. Kumuuza kuti aphwanye mbiya popanda kumusonyeza geni ina, monga kuyanika usipa kapena kukazinga mandasi, n'kungotaya malovu. Ngati ali woyembekezera, adziwe kuti mowa umawononga ubongo wa mwana ali m'mimba. Zimenezi amazimva bwino kwa mayi mnzake ku sikelo, osati pa bwalo.

Nanga mnyamata wa chamba, chija ena amati suruma? Lamulo nambala 3 la 1997 limaletsa chamba m'dziko muno, choncho iye akaona wamkulu amaganiza za apolisi, n'kutseka pakamwa. Komatu kuyamba chamba uli wamng'ono kumawonjezera ngozi yodwala misala. Ameneyu akufunika mkulu wake womukhulupirira, timu ya mpira, ndi njira yobwerera ku sukulu.

Palinso bambo wolemekezeka, kaya wa ku mzikiti kaya wa mu kwaya ku Messumba, amene amamwa mobisa. Iyeyu chimene amaopa kwambiri ndi kutaya ulemu. Mukamuyalutsa pa gulu, mwamutaya. Shehe kapena wansembe amuitane paseri. Ndipo tilankhule naye Chinyanja kapena Chiyao, chifukwa za mumtima munthu safotokoza m'Chipwitikizi cha pa fomu.

Ngakhale ku chipatala sapereka zofanana. Ku Maputo, kuyambira 2020, anthu amene anazolowera heroin amapatsidwa mankhwala otchedwa methadone. Mankhwala amenewa sathandiza wa mowa kapena wa chamba. Kwa wa mowa, anamwino ali ndi mafunso 10 a WHO oyezera pamene munthu wafika. Wina amangofunika uphungu kuti achepetse, wina afunika kugonekedwa.

Apa ndipemphe mutchere khutu. Munthu amene wamwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri, musamutsekere m'nyumba kuti asiye lero lomwe. Pasanathe tsiku amayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta. Pakatha masiku awiri kapena atatu ena amagwa ngati akhunyu, amaona zinthu zoti palibe, ndipo akhoza kufa. Si ufiti ayi, ndi thupi limene linazolowera mowa. Thamangirani naye ku chipatala. Zikavuta amamutumiza ku chipatala chachikulu ku Lichinga, kumene kuli ogwira ntchito ya matenda a maganizo. Amene akumwa ma ARV kapena mankhwala a TB asawasiye chifukwa choti waledzera, koma awauze anamwino zoona, popeza mowa ndi mankhwala a TB zikakumana zimapweteka chiwindi.

Tsono ife a kalabu, tisanapereke malangizo, tiyambe tafunsa zinthu zitatu. Amamwa chiyani ndipo kangati? Chimamupititsa ku mowa n'chiyani: anzake, ngongole, maliro, kapena kusowa chochita? Ndani amene iye amamumvera, amalume, mkazi wake, kapena mwini boti? Mayankho amenewa ndiwo atisonyeze poyambira.

Akasiya miyezi iwiri n'kuyambiranso, tisanene kuti ameneyu ndi wotayika. Kuyambiranso kumachitika kwa ambiri. Tifunse chimene chamugwetsa, tikonze pamenepo.

Pempho langa ndi lakuti pofika msonkhano wa mwezi wamawa, gulu lililonse, kuyambira ku Meluluca mpaka ku Cobué, lisankhe bambo mmodzi, mayi mmodzi ndi wachinyamata mmodzi osunga chinsinsi, kuti tiwaphunzitse mafunso amenewa. Mayina a odwala asadzatchulidwe pa wailesi.