GENI YA PAKHOMO NDI UMOYO WA MWANA

Nkhani yokambidwa kwa amayi pa sikelo ya ana kwa Mfumu Kanduku, m'boma la Mwanza

Tisanayambe kuyeza ana, tiyeni tikambirane za geni imene ambiri mwa inu mumachitira pakhomo. Poyendera midzi ya kwa Kanduku ndimapeza amayi ena akukazinga mandasi ndi zitumbuwa, ena akuphika thobwa, ndipo nyengo yachisanu ikafika ambiri amasenza madengu a manachesi kunka nawo kumsewu waukulu wopita kumalire a dziko lino ndi Mozambique. Ntchito imeneyi ndi yabwino chifukwa imagula sopo, mchere ndi makope a ana a sukulu. Koma paja akuluakulu anati walira mvula walira matope. Geni imadya nthawi ya mayi, ndipo woyamba kuvutika ndi mwana wosakwana zaka 5, pakuti iye sadziwa kudandaula.

1. Chakudya cha mwana

Mayi wa mandasi amadzuka tambala woyamba, nakanda ufa, nakazinga, kenaka nathamangira kumsika. Mwana amamsiyira mkulu wake wa zaka 8, ndipo akalira amampatsa ndasi kuti atonthole. Ndasi limakhutitsa, koma silikulitsa mwana. Zotsatira zake timaziona pa sikelo pano: mzere wa m'buku la mwana umaleka kukwera.

Mwana wosakwana miyezi 6 ayamwe bere lokha, osampatsa madzi kapena phala. Popita ku geni muberekeni kuti ayamwe nthawi iliyonse imene afuna. Akakwanitsa miyezi 6 ayambe phala kawiri kapena katatu pa tsiku, ndipo kuyambira miyezi 9 adye katatu kapena kanayi, uku akuyamwabe kufikira zaka 2 kapena kupitirira. M'phala la mgaiwa muzithiramo nsinjiro, ufa wa soya, dzira kapena masamba osinja. Phala la mwana liyambe kupsa mafuta a mandasi asanatereke pamoto. Pa dengu la manachesi patulanipo awiri a ana musanawerenge ogulitsa.

2. Moto, mafuta ndi parafini

Chiwaya cha mafuta owira chikakhala pamafuwa, chimalingana msinkhu ndi mwana wokwawa. Musakazinge muli ndi mwana pamiyendo, ndipo ana asewerere kutali ndi moto. Mwana akapsa, thirani madzi ozizira aukhondo pabalapo kwa mphindi 20, fundikani ndi nsalu yoyera, ndipo pitani naye kuchipatala. Musapakepo dzira, phulusa kapena mankhwala otsukira mano.

Amene mumagulitsa parafini musasunge m'mabotolo a zakumwa pamalo pamene mwana angafikire. Akamwa musamsanzitse, chifukwa parafini amalowa m'mapapo. Thamangirani naye kuchipatala. Phikirani panja kapena m'khitchini ya mawindo, popeza utsi umabweretsa chifuwa ndi chibayo kwa makanda.

3. Ukhondo wa malonda

Mukumbukira mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unafika m'maboma onse a dziko lino ndi kupha anthu oposa 1,700. Kolera ndi matenda ena otsekula m'mimba amayenda m'madzi, m'chakudya ndi m'manja osasamba. Wogulitsa chakudya akasowa ukhondo amadwalitsa mudzi wonse, kuyambira ana ake omwe.

Sambani m'manja ndi sopo pochokera kuchimbudzi, mukasintha mwana thewera, musanakande ufa ndiponso musanadyetse mwana. Madzi a thobwa ndi otsukira makapu akhale owiritsa kapena othira kulorini. Vundikirani malonda anu kuti ntchentche ndi fumbi zisafikepo, ndipo dzanja lolandira ndalama lisagwire mandasi, gwiritsani foloko. Mwana akayamba kutsekula m'mimba mpatseni Thanzi, pitirizani kuyamwitsa, ndipo bwerani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale malonda atsale m'beseni.

4. Ndalama ndi banja

M'mabanja ambiri mikangano imabuka chifukwa mpamba, phindu ndi ndalama ya ndiwo zimakhala pa mfundo imodzi ya chitenje. Tsiku lobweza ngongole ku banki mkhonde likayandikira, mayi amagulitsa mazira ndi mtedza wonse, ana nadya nsima ndi masamba okha. Lekanitsani ndalama zanu patatu: mpamba, chakudya cha ana, ndi yosungira ulendo wa kuchipatala.

Mutu umodzi susenza denga. Khalani pansi ndi abambo akunyumba mugawane ntchito, monga kutunga madzi, kuwaza nkhuni ndi kuyang'anira ana. Mayi woyembekezera asasenze madengu olemera, ndipo mtsikana wa sukulu asajombe chifukwa cholera mwana kapena kugulitsa malonda.

Mawu otsiriza

Tsiku la sikelo likagundana ndi tsiku la msika, tumani wina kumsika, inu mubwere kuno. Malonda a tsiku limodzi mudzawapezanso mawa, koma mwana wophonya katemera wa chikuku wa pa miyezi 9 ndi wa pa miyezi 15 angathe kudwala matenda oopsa amene akanapewedwa. Amene muli ndi mafunso tionane tikatha kuyeza. Tsopano konzani mabuku a ana anu.