MLOMBWA NDI CUMA CA MLIMI

Mtengo wa mlombwa, umene ogulitsa matabwa mu Lusaka aucha mukwa, udziwika ndi utomoni wace wofiira monga mwazi. Mtima wace ndi wofiirira. Ciswe siciudya msanga, ndipo thabwa lace likauma silipindika kapena kung'aluka. Cifukwa cace amisiri apanga nalo zitseko, mipando ndi matebulo, ndipo kumidzi asema ng'oma, mitondo ndi mabwato.

Koma mbali yoyera ya kunja kwa mtima imafumbwa. Munthu wogula mpando ku City Market, kapena matabwa ku Buseko, ayenera kuyang'anitsitsa kunsi kwace, pakuti mankhwala opaka abisa thabwa loyera.

Mlombwa ukula pang'onopang'ono. Mphukira yace iuma m'cirimwe ndi kuphukanso ndi mvula kwa zaka zingapo, ndipo moto wa mu October uipha. Mu 2022 maiko a pangano la CITES anaika malire pa malonda ace a kunja.

Cotero mlimi wanzeru atenthe chire udzu usanaumitse, asiye milombwa yaing'ono polima, ndipo asadule wogulitsa popanda cilolezo ca Dipatimenti ya Nkhalango. Adzukulu ace adzamthokoza.