TSIKU LIMODZI LA MWANA WOPHUNZIRA UTOLANKHANI

(Mawu amene mmodzi wa ife analankhula pa msonkhano wa pachaka wa bungwe lathu ku Mzimba)



Mwandipempha kuti ndinene za ntchito yanga m'boma. Ine ndasankha kunena za ana amene amabwera kudzaphunzira ntchito ya utolankhani m'manja mwathu, ochokera ku Malawi Institute of Journalism, ku MUBAS imene kale inali Polytechnic, ndi kwina. Ambiri a inu mwawaonapo atagwira kabuku pakhomo la ofesi yanu. Ndikufuna mudziwe kumene achokera asanagogode pa chitseko chanu.

Tsiku lawo limayamba ndi msonkhano wa m'mawa, pamene aliyense amanena nkhani imene akufuna kuitsata. Wobwera chimanjamanja sakhululukidwa. Akatuluka apo, mwanayo amazungulira pa boma wapansi: ku polisi kukafunsa zimene zachitika usiku, ku khoti la majisitireti kukamva milandu, kenaka ku chipatala kapena ku maofesi a khonsolo ya M'mbelwa. Ku khoti amaphunzira msanga kuti munthu woimbidwa mlandu si wolakwa kufikira khoti litagamula, ndiponso kuti dzina la mwana wamng'ono sililembedwa m'nkhani ya mlandu.

Koma nkhani zambiri sizili pa boma. Mzimba ndi boma lalikulu kuposa onse m'Malawi, ndipo anthu ali ku Embangweni, ku Edingeni, ku Jenda, ku Luwerezi ndi ku Khosolo. Tiyerekeze kuti kwamveka mphekesera yakuti mjigo wa m'mudzi wina kufupi ndi Embangweni unafa kalekale, ndipo komiti inadya ndalama zokonzera. Mwanayo amakwera minibasi, kenaka njinga yamoto, ndipo nthawi zambiri ndalama ya ulendo imatuluka m'thumba mwa makolo ake. Akafika sayamba ndi mafunso. Kuno ndi kwa Angoni, mlendo amayamba waonekera kwa mfumu ya mudzi, nakhala pansi, nanena kumene wachokera ndi chimene wadzera. Wodumpha mwambo umenewu amabwerera ndi kabuku kopanda kanthu.

Tsono ntchito yeniyeni imayamba. Amayi amene akutunga madzi kudambo amanena zawo. Iye amalemba, ndi kujambula mawu pa foni. Koma sanamalize, chifukwa msungichuma wa komiti nayenso ali ndi pakamwa, ndipo mwina ali kumunda kutali. Ayenera kumulondola, kuona buku la ndalama ndi maso ake, ndi kufunsa mlangizi wa za madzi. Mwina apeza kuti ndalama zilipo koma chitsulo chofunikacho sichikupezeka pafupi. Akanathamangira kulemba mphekesera, bwenzi munthu wosalakwa akutchedwa mbala mpaka ku tchalitchi kwake. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Dzuwa likapendeka amabwerera ku boma atatuwa ndi fumbi, m'mimba muli chimanga chootcha chokha. Anthu amuyankha m'Chitumbuka, koma nkhani yopita ku Malawi News Agency ayenera kuilemba m'Chingerezi, osapotoza mawu a munthu ngakhale pang'ono. Ngati ali ku wailesi ya Mzimba Community Radio, amadula mawu aja pa kompyuta nthawi ya nkhani isanakwane. Ndime yoyamba iyenera kuyankha mafunso awa: ndani, wachita chiyani, liti, kuti ndipo chifukwa chiyani. Mkonzi akhoza kuibweza kawiri kapena katatu. Magetsi akathima kapena bandulo ikatha, nkhani imagona, ndipo nkhani yogona ndi nsima ya dzulo.

Enafe tinali ana pamene zonsezi zinali zosatheka. Kuyambira 1968 Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya MBC, ndipo chinadzamvekanso m'chaka cha 1994. M'masiku a chipani chimodzi atolankhani ena anatsekeredwa m'ndende popanda kuzengedwa mlandu. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 ndiwo anapereka ufulu wa atolankhani mu gawo 36, ndi ufulu wopeza uthenga mu gawo 37. Lamulo lopereka mwayi wopeza uthenga linavomerezedwa ndi Nyumba ya Malamulo mu 2016, koma linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Onani kutalika kwa ulendo umenewu.

Komabe lamulo silitsegula chitseko, amatsegula ndi munthu. Pa zonse zimene ana awa amakumana nazo, chowafooketsa kwambiri si njala kapena fumbi, koma mawu akuti, "Abwana atuluka, mubwere mawa." M'chipinda chino muli ahedi, anamwino, apolisi, alangizi a zaulimi ndi akalaliki a kukhoti. Abwana otulukawo ndife. Tikakana kuyankha, nkhani imatulukabe, koma imatuluka ndi mbali imodzi, ndipo mawa lake ndife oyamba kudandaula kuti atolankhani ndi abodza.

Choncho ndili ndi mapempho awiri. Loyamba, mwana wotere akafika, mpatseni mpando. Ngati simuli woyenera kuyankha, muuzeni woyenerayo ndi nthawi yomupeza. Koma musamupatse envulopu kuti akulembeni bwino, chifukwa mwana wozolowera envulopu ali pasukulu sadzawongokanso, mmera mpoyamba. Lachiwiri, ndikupempha komiti yathu iganizire zopatula kangachepe m'thumba la bungwe, kothandiza pa mayendedwe ana ochokera pa sukulu yathu amene akuphunzira ntchito imeneyi. Mwana wokhala ndi ndalama yakeyake ya minibasi sagulidwa ndi munthu womukweza galimoto.