MBIRI YA MZINDA WA CHIPATA

Munthu wocokera ku Lusaka pa mseu waukuru wa kum'mawa, ataoloka Luangwa ndi kupitirira Nyimba, Petauke ndi Katete, afika pamalo pamene mapiri ayandikana, ndipo mseu utsikira m'cigwa pakati pao. M'cigwamo ndimo muli mzinda wa Chipata. Ulendowo uposa makilomita 550. Koma kucokera pa Chipata kunka ku malire a Malawi pa Mwami ndi kamtunda kocepa, kotero kuti Lilongwe ali pafupi koposa Lusaka. Pa Chipata palibe nyanja yaikuru, palibenso mgodi. Cimene cinakuza mzindawu ndico nthaka, ndi anthu olowa ndi oturuka pa cipata cimeneci.

Kale dziko ili linali la Acewa, Ansenga ndi Akunda. M'caka ca 1835 Angoni a Zwangendaba, pothawa nkhondo za kumwera, anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo tsiku limene dzuwa linada masana. Atamwalira Zwangendaba kumpoto, ana ace anagawikana. Mpezeni anabwerera kumwera ndi anthu ace, nakhala zaka pakati pa Ansenga, ndipo ca m'ma 1870 anamanga midzi m'mapiri a kuno. Ankhondo ace anakwatira akazi a Cinsenga, ndipo ana anayamwa cilankhulo ca amai ao. Ndico cifukwa cace Angoni a kwa Mpezeni alankhula monga Ansenga, ndi Cingoni ceniceni cinatsalira m'nyimbo ndi m'mau otamanda mafumu.

Tsoka linadza ndi mbiri ya golide. Mzungu wa ku Germany, dzina lace Carl Wiese, amene anali kugula minyanga ya njobvu kwa Mpezeni, analandira kwa mfumuyo kalata ya cilolezo m'caka ca 1891. Kalatayo inagwa m'manja mwa kampani yochedwa North Charterland Exploration Company, imene inati dziko lalikuru ndithu ndi lace. Anyamata a Cingoni, motsogozedwa ndi Nsingo mwana wa Mpezeni, anakana. Mu January 1898 asilikari anadza kucokera ku Nyasaland ndi mfuti zazikuru, ndipo mikondo ndi zishango sizinathe kulimbana nazo. Midzi inatenthedwa, ng'ombe zikwi zambiri zinalandidwa, ndipo Nsingo anaomberedwa mu February caka comweco. Mpezeni anamwalira m'caka ca 1900. Golide amene anafera anthuwo sanapezeke wocuruka.

Nkhondo itatha, Azungu anamanga boma m'cigwaci m'caka ca 1899, nalicha Fort Jameson. Linali likulu la dziko la North-Eastern Rhodesia kufikira caka ca 1911, pamene maiko awiri a kumpoto kwa Zambezi anaphatikizidwa, ndi ulamuliro unanka ku Livingstone. Mzinda unataya ulemu wace, koma anthu atsopano anali atalowa kale. Amishoni a Dutch Reformed Church anayamba nchito pa Magwero m'caka ca 1899 ndi pa Madzimoyo mu 1903, ndipo pa Magwero anaphunzitsa ngakhale akhungu ndi ogontha. Amwenye a ku Gujarat anatsegula masitoro a nsaru, mcere ndi makasu. Zidzukulu zao zikali pa malonda ku Down Shops, ndi mizikiti yao ioneka patali.

Popeza golide panalibe, kampani inagulitsa nthaka kwa alimi Acizungu, amene anabzala fodya. Eni dziko anasunthidwa kunka ku malo opatulidwa, ochedwa marizevu, kumene anthu anapanikizana, nthaka inaguga, ndi madzi anacepa. Pamwamba pa izi panali msonkho wa nyumba, umene unafunika ndalama. Mwamuna wopanda ng'ombe, wopanda munda wokwanira, akanaipeza kuti ndalamayo? Tsono amuna anayamba kuturuka pa cipata. Ena anayenda pansi masabata ambiri kunka ku mapulazi ndi migodi ya ku Southern Rhodesia, ena ku Johannesburg. Ndipo itatsegulidwa migodi ya mkuwa ku Luanshya, Nkana, Mufulira ndi Nchanga, ambiri analunjika kumeneko. Enanso analowa upolisi ndi usilikari, nafalitsa Cinyanja kufikira cinakhala cilankhulo ca m'misika ya Lusaka. Amene sanabwerere anachedwa machona, ndipo akazi ndi nkhalamba ndiwo anatsala ndi khasu.

Mtengo wa fodya unagwa ca m'ma 1928, ndipo Azungu ambiri anasiya mapulazi ao. Nthaka yabwino inangokhala thengo, pamene eni ace anali kubvutika m'marizevu. M'caka ca 1941 boma linagula dziko la kampani ija, niliyamba kubwezera anthu m'malo ena. Ufulu utadza mu 1964, dzina la Fort Jameson linacotsedwa, ndipo mzinda unachedwa Chipata.

Lero cuma ca Chipata cicokera m'minda ya anthu wamba. Alima cimanga, thonje, fodya, mpendadzuwa, soya ndi nshawa, makamaka zija zazikuru za Chalimbana zodziwika m'dziko lonse. Ndipo pa Msekera pali malo oyesera mbeu. Fakitale ya njinga ya Luangwa Industries, imene inali kupanga njinga za Eagle, inatsekedwa kale. Koma njinga zikali ponseponse, zonyamula anthu, makala ndi matumba a nshawa kunka ku msika wa Kapata. Njanji yocokera ku Mchinji inatsegulidwa mu 2010, ndipo alendo onka kukaona nyama ku Mfuwe apita pomwepa. M'caka ca 2017 Chipata anakwezedwa kukhala mzinda waukuru.

Miyambo imene inagwa ndi nkhondo inaukanso. Mwambo wa Ncwala, umene unalekeka atagonja Angoni, unayambanso mu 1980. Caka ndi caka, kumapeto kwa February, anthu asonkhana pa Mtenguleni. Amuna abvala zikopa ndi nthenga, nabvina ngoma kufikira nthaka igwedezeka. Mfumu yaikuru Mpezeni alawa zipatso zoyamba za m'munda, ndipo ng'ombe yamphongo yakuda ilasidwa ndi mkondo. Mu August Acewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique anka ku Mkaika, kufupi ndi Katete, kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo kumeneko kuturuka Gule Wamkuru. Masiku amenewo mabasi ocokera ku Lusaka ndi ku migodi adzala ndi ana a kum'mawa obwerera kwao.

Koma pali nkhani imene wogwira nchito kutali ayenera kuiganizira bwino. Anthu acuruka, ndipo nthaka siicuruka. Mitengo ya m'mapiri yatha ndi makala ndi kuocera fodya, ndipo kumene kulibe mitengo mvula ikokolola nthaka. Pa mwambo, munda wogona zaka zambiri wosalimidwa, mfumu ya mudzi ikhoza kuupatsa munthu wina. Mgodi nawo uli ndi mathero: wa ku Kabwe, umene unadyetsa mabanja kuyambira masiku a Broken Hill, unatsekedwa mu 1994. Makolo a kwa Mpezeni anataya nthaka yao cifukwa ca mfuti. Mdzukulu wao akhoza kuitaya cifukwa ca kusalemba kalata ndi kusaoneka kumudzi. Wanzeru atumiza ndalama ya mbeu mvula isanagwe, amanga nyumba yace akali ndi mphamvu, natenga ana ace kuti akadziwe malire a munda wa agogo ao. Paja akuru anati, kwanu nkwanu, m'thengo mudalaka njoka.