Za Makina Otsata Dzanja la Munthu

Ana a sukulu a ku Jumbe ndi ku Mfuwe amaona masiku onse magalimoto olemera onyamula alendo kunka ku South Luangwa. Woyendetsa akakhotetsa ciongolero ndi dzanja limodzi, mawilo a kutsogolo amtsata pomwepo, osapitirira ndi osaperewera. Mwana wofunsa cifukwa cace ayenera kuyankhidwa bwino, pakuti miyoyo ya okwerawo itsamira pa kumvera kumeneku.

Vuto ili linayamba kusautsa amalinyero. Combo cacikuru ca Great Eastern cinali ndi tsigiro lolemera ndithu kwa manja a anthu. M'caka ca 1866 John McFarlane Gray anakonza makina a nthunzi otembenuza tsigirolo, amene analeka okha pamene linafika pofuna woongolera. M'caka ca 1873 Joseph Farcot wa ku France analemba buku la makina otere, nawacha servo, ndiko kunena kapolo.

Magwiridwe ace ndi awa. Pali zoyesa ziwiri, cina pa ciongolero, cinzace pa mota ya magetsi. Ciongolero cikaima pa madigiri 30, mota iri pa 20, kusiyana kwace ndi 10. Kusiyanako ndiko kutsegulira mota magetsi. Mota ikayandikira, kusiyana kucepa, mphamvu nayonso icepa. Zikalingana, mota iima. Cotero mota siuzidwa kutalika kwa ulendo wace, koma iuzidwa kosalekeza kumene kwatsala. M'magalimoto ambiri nchitoyi icitidwa ndi mafuta okankhidwa ndi pampu, koma nzeru yace ndi yomweyo.

Pali coopsa cimodzi. Mota ikapatsidwa mphamvu yopambana, ipitirira, nibwerera, nipitiriranso, monga bwato la wopalasa wosazolowera pooloka Luangwa. M'caka ca 1922 Nicolas Minorsky, atapenyetsetsa oongolera zombo, anaonetsa kuti waluso asamala zinthu zitatu: kukula kwa kusiyana, nthawi imene kwakhala, ndi liwiro la kusintha kwace. Makina oyenda bwino atsanza zitatuzi.

Mphunzitsi wa kumudzi akhoza kuphunzitsa izi wopanda magetsi. Alembe pansi zozungulira ziwiri, nazigawe madigiri. Mwana woyamba aime pakati pa cimodzi, naloze ndi bango kumene afuna. Waciwiri, womangidwa nsaru kumaso, aime pakati pa cinzace ndi bango lace; iyeyu ndiye mota. Wacitatu awerenge kusiyana, nanene mofuula, kufikira mabango awiri aloza kumodzi. Pambuyo pace wacitatuyo acedwetse mau ace dala, ndipo ana adzaona okha mnzao alikupitirira uku ndi uku. Pomariza akhale cete, ndipo adzaona kuti mota yosamva kumene yafika isokera, ingakhale iri ndi mphamvu yotani.

Mwana amene waseka pa phunziro ili sadzayesa makina matsenga, ndipo tsiku lina adzatha kuwakonza.