Mawu nawo amakalamba: tiphunzirepo chiyani kwa oyimba akale?

(Nkhani iyi inakambidwa pa msonkhano wa kalabu yathu. Tayilemba kuti amene simunabwere nanunso muwerenge.)

Ndapatsidwa mphindi zochepa, ndiye ndilowa m'nkhani mosazungulira.

Lero ndikufuna tikambirane za mawu. Sindikunena mawu olemba papepala ayi, koma mawu otuluka pakhosi, amene timayimbira. Muno muli a kwaya, muli oyimba kaswida ku madrasa, muli anyamata ojambula nyimbo pafoni, muli ochemerera mpira mpaka pakhosi kuuma. Tonse timaona ngati mawu athu adzakhala chonchi mpaka kalekale. Si choncho. Mawu amakalamba ngati mawondo, ngati maso, ngati msana. Ndipo woyimba mawu akamuthera, ntchito yake yathera pomwepo.

Tiyambire kutali, kenako tibwerere kwathu.

Ku America kuli bandi ya nyimbo za rock yotchedwa Aerosmith, imene inayamba mu 1970 mumzinda wa Boston. Woyimba wake, Steven Tyler, ankadziwika ndi mawu okuwa kwambiri. Mu September 2023 anavulala kholingo ali pa ulendo wa mashoo. Anayesa mankhwala, anapuma, koma mu August 2024 bandiyo inalengeza kuti yasiya kuyenda mashoo chifukwa mawu ake sangabwererenso mwakale. Tangoganizani: munthu wa ndalama, madokotala apamwamba ali nawo, koma pakhosi pakana.

Ku England, Ozzy Osbourne wa bandi ya Black Sabbath anayimba shoo yake yotsanzika pa 5 July 2025 ku Birmingham, kwawo. Anayimba atakhala pampando chifukwa matenda a Parkinson anali atamufooketsa miyendo. Pa 22 July, patangopita masiku 17, anamwalira ali ndi zaka 76. Mayi wathu wa ku South Africa, Miriam Makeba, naye anamwalira ali ndi zaka 76, mu November 2008 ku Italy, atangomaliza kuyimba pa siteji.

Mwina mukuti, “Aaa, izo n'za azungu ndi anthu otchuka, zikutikhudza bwanji ife a ku Likangala?” Dikirani, ndikubwera komweko.

Choyamba tidziwe chimene chimachitika pakhosi. Gwirani pakholingo panu, munene kuti “aaa”. Mukumva kunjenjemera, eti? Mkatimo muli timinofu tiwiri tating'ono, tosaposa chikhadabo cha chala chachikulu kutalika kwake. Mpweya ukamachoka m'mapapo, timinofuto timagundana n'kumanjenjemera. Kwa bambo amene akungoyankhula, timagundana ka 100 kapena kupitirirako pang'ono pa sekondi imodzi. Kwa mayi ndi pafupifupi ka 200. Woyimba sopulano akakwera m'mwamba, chiwerengerocho chimakweranso kwambiri. Ndiye werengerani nokha: munthu woyimba maola atatu usiku uliwonse kwa zaka 40, timinofuto tagundana kangati?

Munthu akamakula, timinofu timeneti timawonda ndi kuuma, ndipo sititsekanso bwinobwino. Mpweya umapulumukira pakati, n'chifukwa chake mawu a agogo amamveka ngati muli kamphepo, kapena amanjenjemera. Mapapo nawo sasunganso mpweya wambiri, choncho mzere umene kale ankauyimba ndi mpweya umodzi tsopano amaudula pawiri. Abambo ambiri akakalamba mawu awo amakwera pang'ono, pamene amayi ambiri akasiya kusamba mawu awo amatsika. Makutunso amatopa, makamaka a munthu amene wakhala zaka zambiri pafupi ndi masipika. Ndipo amene sakudzimva bwino sangayimbe molondola. Ndiye mukamva woyimba wamkulu akulephera kufika pamene ankafika kale, musafulumire kunena kuti waledzera kapena sanakonzekere. Nthawi zambiri ndi thupi basi.

Tsopano tibwere kwathu kuno.

Ndani sadziwa Agide, a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu? Anabadwa mu 1930. Ayimba ndi gitala yawo kwa zaka zambirimbiri m'malo omwera, m'misika, m'maukwati. Mu 2016 anakafika ku America, dziko limene ankalilakalaka m'nyimbo yawo ina. Mu 2020, ali ndi zaka 90, Patience Namadingo anakhala nawo pansi n'kuyimba nawo nyimbo zawo zakale, ndipo Linny Hoo inafalikira pa TikTok mpaka kumayiko amene anthu ake samva Chichewa n'komwe. Mvetserani bwino kanema ameneyo. Mawu a Agide si a mnyamata. Ndi mawu a munthu wa zaka 90, ndipo n'chimene anthu anakonda. Namadingo sanawapikisane, anawapatsa mpata. Koma funso n'lakuti: pa zaka zonse zija dziko lisanawatulukirenso, ndi angati mwa ife amene ankawalabadira? Nanga kanemayo akanapanda kujambulidwa?

Ku Zambia kuli nkhani yofanana nayo, ndipo iyi ndi ya rock yeniyeni. M'zaka za m'ma 1970 kunali bandi yotchedwa WITCH, imene inkadzaza maholo, ndipo woyimba wake anali Emmanuel “Jagari” Chanda. Zinthu zitasintha, nyimbo zawo zinaiwalika, anzake amene anayamba nawo anamwalira, iye n'kupita kukakumba miyala yamtengo wapatali kuti apeze chakudya. Patapita zaka zambiri, anthu akunja anapeza zimbale zawo zakale n'kuzitulutsanso. Jagari anabwerera pa siteji, akuyimba ndi achinyamata ku Ulaya ndi ku America, ndipo mu 2023 anatulutsa chimbale chatsopano chotchedwa Zango. Chinamupulumutsa n'chiyani? Zimbale zija zinalipo. Mawu ake a unyamata anasungidwa.

Koma tinene zoona, anzanga. Oyimba athu ambiri safika n'komwe pa msinkhu wopuma pantchito. Daniel Kachamba wa ku Chileka anamwalira mu 1987, mng'ono wake Donald mu 2001. Allan Namoko, woyimba wosaona wa ku Thyolo, anatisiya mu 1995. Evison Matafale anamwalira mu November 2001 ali mnyamata ndithu. Wambali Mkandawire anapita mu January 2021 nthawi ya Covid-19. Soja Lucius Banda anamwalira pa 30 June 2024 ku South Africa ali ndi zaka 53 zokha. Kwa anzathu akunja, shoo yotsanzika imalengezedwa chaka chisanafike, matikiti n'kugulidwa, munthu n'kukapuma ndi chuma chake. Kwathu kuno woyimba alibe penshoni. Akasiya kuyenda mashoo, poto nayenso wasiya kuwira. N'chifukwa chake ambiri amakwerabe minibasi usiku, kuyimba akudwala, kuyimba mawu atasasa, chifukwa mawa ana akufuna fizi.

Pali chinthu chimodzi chimene mabandi athu ena anachita bwino, ndipo ndikufuna tichione. Alleluya Band ya ku Balaka inayamba mu 1978. A Paul Banda anayitsogolera, Lucius anakuliramo, enanso ambiri anadutsamo n'kupita kukayamba zawo, koma bandiyo inapitirira chifukwa akulu ankaphunzitsa ana. Ma Blacks a ku Chileka anataya Matafale, kenako anatayanso Musamude Fumulani, koma Black Missionaries sinafe. Anjiru ndi anzake ananyamula ntchito, zimbale za Kuimba n'kumatulukabe. Phunziro lake n'losavuta: bandi imene yatsamira pakhosi la munthu mmodzi imatha tsiku limene khosilo latopa. Imene imaphunzitsa ena imakhalitsa.

Ndiye ife tichite chiyani? Ndili ndi zinthu zitatu.

Choyamba, samalani mawu anu panopa, mudakali nawo. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Imwani madzi ambiri, makamaka nyengo ino yotentha ya kuchigwa kwathu kuno. Fodya, chamba ndi kachasu zimaumitsa ndi kutupitsa timinofu tija, ndipo fodya ndi mowa zikaphatikizana zimachulukitsa chiopsezo cha khansa ya pakhosi. Utsi wa nkhuni nawonso ndi utsi, kaya ndi wa kukhitchini kaya ndi wowambira nsomba ku Kachulu, choncho musamakhale mbali imene utsi ukulowera. Musanayambe kuyimba, yambani ndi kung'ung'udza chapansipansi kwa mphindi zingapo, monga mmene osewera mpira amayambira ndi kuthamangathamanga. Nyimbo ikakhala yokwera kwambiri, itsitseni kiyi. Palibe manyazi pamenepo, ngakhale oyimba otchuka amatero. A kwaya, musamukakamize mnyamata amene mawu ake akusintha kuti aziyimbabe m'mwamba. Mawu akasasa, apumitseni, ndipo dziwani kuti kunong'ona mokakamiza nakonso kumatopetsa pakhosi. Kusasa kukapitirira masabata atatu popanda chimfine, pitani kuchipatala, musangodalira tsabola ndi mandimu. Ndipo inu okonda kuvina mutatsamira sipika pa ukwati, mukamachoka makutu akulira kuti “ngwiii”, dziwani kuti mwina mwawononga kanthu kamene sikabwerera.

Chachiwiri, tisinthe mmene timachitira ndi oyimba akuluakulu. Pa Facebook ndi pa WhatsApp timathamangira kuseka: “Amdala awa apume, mawu anatha.” Chabwino, apume. Adya chiyani? Inuyo nyimbo zawo munazipeza bwanji? Ambiri mwa ife tinangopita kwa woika nyimbo pa Jali, kapena mnzathu anatitumizira pafoni, woyimbayo osalandirapo ngakhale tambala. Sindikuti tonse tili ndi ndalama. Koma shoo ikabwera ku Zomba ndipo mwaganiza zopita, lipirani pakhomo, musadumphe mpanda. Ndipo inu amene mwayamba kupeka nyimbo zanu, dziwani kuti kuli bungwe la COSOMA, limene limatolera ndalama kwa ogwiritsa ntchito nyimbo, monga mawayilesi, n'kugawira eni ake. Kalembetseni nyimbo zanu. Musasiyenso sukulu, munda wa mpunga kapena luso lina la manja chifukwa nyimbo imodzi yamveka. Pakhosi si munda woti n'kusiyira ana.

Chachitatu ndi chimene ndikufuna tigwirizane lero tisanabalalike. Agide athu ali konkuno. M'mudzi uliwonse muli agogo amene ankatsogolera nyimbo za tchopa, manganje kapena beni. Muli amayi odziwa nyimbo za pamtondo, zimene zikutha chifukwa aliyense akupita kuchigayo. Muli asodzi akale odziwa nyimbo zopalasira bwato popita ku Chisi. Muli bambo wina amene anali ndi banjo yopanga yekha. Anthu amenewa sanalowepo mu situdiyo. Mawu awo akatha, nyimbozo zathera pomwepo.

Inu mukudziwa mbiri ya nyanja yathuyi. Chilwa inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo ambiri muno munaona ndi maso anu mu 2018 mabwato ali gwa pamatope. Koma madzi atabwerera, matemba, makumba ndi milamba zinabwereranso. Zinachokera kuti? Zina zinabisala m'maiwe a mitsinje yolowa m'nyanjayi, ngati Likangala wathu yemweyu, ndi m'madambo. Mbewu inasungika. Mawu a munthu sali ngati nyanja, akaphwa aphweratu. Koma nyimbo ingathe kupulumuka ngati pali pena pamene yasungidwa. Malo amenewo ndi mafoni athu ndi mitu yathu.

Ndiye pempho langa ndi ili. Tigawane awiriawiri, mmodzi wokhala ndi foni yojambula bwino. Gulu lililonse lipeze munthu wamkulu mmodzi m'mudzi mwawo. Pitani mwaulemu, muyambe mwapempha, ndipo ngati n'kofunika dzerani kwa a mfumu. Musapite chimanjamanja, kasopo kapena kashuga sikalephereka. Khalani pamalo opanda mphepo ndi phokoso, foni ikhale pafupi ndi pakamwa pawo. Musawathamangitse. Akatopa, asiyeni apume, mudzabwerenso tsiku lina. Mukajambula, lembani m'kope dzina la nyimbo, amene anawaphunzitsa, ndi nthawi imene inkayimbidwa. Akakuuzani kuti nyimbo iyi ndi ya kuchinamwali kapena kujando, si ya pagulu, zimitsani foni, musatsutse. Musaike chilichonse pa intaneti asanavomere eni ake, ndipo mukaika, tchulani dzina lawo. Zonse tidzazisunga malo awiri, pa memori khadi ya kalabu ndi pa foni ya mlembi, chifukwa foni imagwera m'madzi, tonse tikudziwa.

Ndipo musangojambula n'kuchoka. Phunzirani nyimbo imodzi, muyiyimbe pamaso pawo, akukonzeni pamene mwalakwitsa. Akuluakulu anati mawu a akulu akoma akagonera, koma kuti agonere pafunika wina awasunge.

A Wapampando, ndikupempha kuti mlembi alembe mayina a magulu lero lomwe, ndipo pa msonkhano wa mwezi wamawa gulu lililonse lidzabwere ndi nyimbo imodzi yojambula ndi imodzi yoyimba pakamwa. Inu amene mukuwerenga izi pa tsamba lathu muli ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Joni, ngati kwanu kuno kuli agogo odziwa nyimbo, tiuzeni mudzi wake, tikawapeza.